Uphungu wa maganizo: mlangizi amathandiza bwanji munthu wolemedwa ndi nkhawa?

Nyengo yogulitsa fodya, mtedza ndi soya ikafika, m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje mumalowa ndalama, komanso mumabuka mikangano. Ngongole ya feteleza, ya banki mkhonde ndi fizi ya ana zonse zimadikira thumba limodzi. Ena tulo timawathawa, nsima siilowa, ndipo akafunsidwa amangoti akuganiza kwambiri.

Achipatala amafotokoza kuti kukhumudwa kukapitirira masabata awiri, munthu n'kutaya chidwi pa ntchito ndi pa zinthu zimene ankakonda, amenewo ndi matenda. Si ulesi, ndiponso si kulodzedwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi vutoli. Imodzi mwa njira zowathandizira ndi uphungu, kutanthauza kukambirana mwadongosolo ndi mlangizi wophunzitsidwa.

Njira yodziwika kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi ya Friendship Bench, imene dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Harare m'dziko la Zimbabwe. Iye anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika mumtima. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anathandizidwa motere anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi yagwiritsidwanso ntchito m'zipatala zina za mumzinda wa Lilongwe.

Mlangizi amayamba ndi kumvetsera, osadula mawu ndiponso osaweruza. Kenaka amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake limodzilimodzi, chifukwa nkhawa imaunjika zonse pamodzi mpaka zioneke ngati phiri. Mwachitsanzo, mayi atha kutchula ngongole, mowa wa mwamuna wake ndi mwana amene wasiya sukulu. Mlangizi samusankhira. Amamufunsa kuti pa zitatuzo n'chiti chimene angayambe nacho sabata imeneyo. Mayiyo akasankha ngongole, awiriwo amaunika njira zimene zilipo, monga kupempha gulu kuti azibweza pang'onopang'ono, ndipo amagwirizana tsiku lochitira zimenezo. Akakumananso amaona zimene zatheka ndi zimene zakanika. Kawirikawiri amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi. Cholinga n'chakuti munthuyo aphunzire kumasula yekha mfundo zina zimene adzakumane nazo m'tsogolo.

Pa nkhani za m'banja, mlangizi salanda ntchito ya ankhoswe. Ankhoswe amaimira mbali ziwiri za banja ndipo amaunika kumene kwalakwika potsata mwambo. Mlangizi alibe mbali, ndipo zimene wamva sazitulutsa kwa achibale. Amapatsa mwamuna ndi mkazi mpata wofanana wolankhula, ndipo amapempha aliyense kubwereza zimene mnzake wanena asanayankhe. Amawaphunzitsanso kunena zimene zikuwapweteka m'malo molozana zala. Mawu akuti "ndimada nkhawa ndalama za fodya zikatha tisanakambirane" amatsegula njira imene mawu akuti "ndinu wosakaza" amatseka.

Uphungu uli ndi malire ake. Pamene pali kumenyana kapena kuopsezana, choyamba ndi chitetezo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limateteza wozunzidwa, ndipo nkhani yotere iyenera kupita ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Munthu amene akulankhula zodzipha asasiyidwe yekha. Achibale amuchotsere pafupi mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pano mpamene mlangizi amaloledwa kuulula chinsinsi, pofuna kupulumutsa moyo. Ena amafunikanso mankhwala kuwonjezera pa uphungu.

Khomo loyamba lili pafupi: mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje. Vuto likakula, odwala amatumizidwa ku Bwaila, ndipo chithandizo chimapezekanso ku Saint John of God mumzinda wa Lilongwe. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitukuko akupemphedwa kufalitsa uthengawu pa misonkhano yawo, makamaka kwa abambo, amene nthawi zambiri amafera mumtima poopa kutchedwa ofooka.