Setilaiti siidziwa mlombwa

Pempho lathu la ndalama zofufuzira nkhalango ya ku Lukusuzi labwerera lili ndi mizere itatu yokhwatchidwa. Wakhwatcha ndi munthu wophunzira bwino wa ku bungwe lina lopereka thandizo, ndipo m'mphepete mwa pepala walemba mwaulemu ndithu kuti masiku ano zithunzi za setilaiti ndi zaulere, nanga ndalama za mafuta a galimoto, za asikauti operekeza ophunzira ndi za mkulu wa m'mudzi wodziwa mitengo n'zachiyaninso? Mzere wogulira makompyuta sanaukhudze. Wa msonkhano wotsegulira ntchitoyi ku hotela ku Lusaka nawonso wausiya bwinobwino.

Ine si pulofesa. Za nkhalango ndinaphunzira, koma pa yunivesite ndimakhala mu ofesi yoyendetsa kafukufuku: kulemba bajeti, kulondola zilolezo, kuonetsetsa kuti wophunzira wapita kutchire ndi tepi ndipo wabwerako ndi malisiti. Anzathu amangotitcha a mapepala. Pampando umenewu ndi pomwe ndamva bodza ili mpaka makutu kuwawa, lakuti kuyenda m'tchire ndi zachikale, zonse zikuoneka kuchokera kumwamba. Ndalimva kwa opereka ndalama, kwa akuluakulu a chuma, ngakhale kwa ophunzira athu ena amene akufuna digiri ya za nkhalango koma nsapato zawo zisadetsedwe.

Setilaiti sindidana nayo ayi. Paki ya Lukusuzi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 2,720, yamapiri ndi zigwa za miyala, kuyambira chakufupi ndi msewu wa Chipata kupita ku Lundazi mpaka kutsetserekera kuchigwa cha Luangwa. Palibe amene angaiyende yonse ndi miyendo. Setilaiti yoyamba ya Landsat inaulutsidwa mu 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake aliyense amazitenga osalipira. Zimatiuza pomwe patsegulidwa munda watsopano, pomwe moto wadutsa ndi mwezi womwe wadutsa. Chimenecho ndi chuma, ndipo wophunzira wosadziwa kuchigwiritsa ntchito ndimamubweza kukalasi.

Koma tamvani kukula kwa diso lake. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, ife timati mapikiselo, ndipo kadontho kamodzi ka Landsat kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Ka Sentinel-2 ya ku Ulaya ndi ka mamita 10. Tsono munthu akalowa ndi sowo n'kugwetsa mlombwa umodzi wonenepa pakati pa mitengo ya mombo, n'kucheka matabwa pomwepo, nthambi za mitengo yoyandikana zimatseka mpatawo ndipo kadontho kaja kamakhalabe kobiriwira. Mawa agwetsa wina, mkuja wina. Zaka zikapita nkhalango ilipo, koma mitengo yamtengo wapatali yatha psiti. M'malipoti timalemba kuti degradation, kutanthauza kuti nkhalango sinafafanizike koma yaguga, yatsala chigoba. Mukula unatha motere m'madera ambiri a Zambia, mpaka mu 2019 dziko la Malawi linapempha kuti mtengowu ulowe m'ndandanda wa CITES wa zamoyo zomwe malonda ake ayenera kuyang'aniridwa, ndipo unalowadi. Amene amaona kutha kotereku ndi anthu oyenda pansi, owerenga zitsa.

Kubiriwira nakonso kumanamiza. Mu Febuluwale udzu wa tsekera umakhala utatalika pansi pa mitengo, ndipo malo odulidwa kwambiri amabiriwira kuposa nkhalango yabwino. Cha mu Seputembala mitengo ya miombo imatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe, pomwe udzu wonse uli lupsa. Kompyuta iyenera kuphunzitsidwa kuti ichi ndi chiyani, icho ndi chiyani, ndipo mphunzitsi wake ndi munthu amene anakaima pamalopo ndi GPS n'kulemba zomwe waona. Ntchito imeneyi dzina lake ndi ground truthing, kukatsimikiza pansi zomwe chithunzi chikunena. Mapu osatsimikizidwa pansi amakongoletsa khoma la ofesi basi.

Ndiye pali nkhani ya kaboni, yomwe masiku ano yafika m'mabwalo a mafumu. Chigawo cha Kum'mawa chinalandira ntchito ya Zambia Integrated Forest Landscape Project mu 2017 ndi thandizo la World Bank, ndipo mabungwe ngati COMACO ndi BioCarbon Partners akhala akulipira midzi chifukwa chosunga mitengo. Anthu amaganiza kuti matani a kaboni amawerengedwa ndi makina a kumwamba. Chiyambi chake ndi tepi. Munthu amazunguliza tepi pa thunthu la mtengo pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, n'kupeza kunenepa kwake. Muyeso umenewu timautcha DBH. Nambalayo imalowa m'samu ina yotchedwa allometric equation, yomwe inapezeka pomwe ofufuza anagwetsa mitengo yeniyeni, n'kuiduladula, n'kuiumitsa, n'kuiika pa sikelo kuti adziwe kuti mtengo wonenepa chakuti umalemera chakuti. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni. Samu yopangidwa ndi mitengo ya ku Copperbelt, komwe mvula ndi yambiri ndipo mitengo ndi italiitali, ikhoza kunama mukaigwiritsa ntchito pa miombo yaifupi ya pamiyala ya ku Lukusuzi. Ikanama, ndalama zopita kwa anthu a kwa Chikomeni kapena kwa Mwasemphangwe nazonso zanama, kaya mochepetsa kaya mochulutsa.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi mapuloti okhazikika. Puloti yotere ndi malo odulidwa malire, kawirikawiri hekitala imodzi, mamita 100 mbali zonse. Mtengo uliwonse wonenepa kuyambira masentimita 5 kapena 10, malinga ndi ndondomeko yomwe mwasankha, umapatsidwa nambala pa kachitsulo kokhomera ndi msomali, umalembedwa mtundu, umayezedwa. Pakapita zaka zingapo mubwerenso, mitengo yomweyo, pamalo pomwepo pa thunthu. Uti wakula, uti wafa, uti wagwetsedwa ndi njovu, ndi ingati yatsopano yalowa. Zili ngati khadi la mwana la kusikelo: kulemera kwa tsiku limodzi sikukuuzani kanthu, ndi mzere wa miyezi yambiri womwe umasonyeza ngati mwana akukula kapena akunyentchera.

Vuto lake ndi lakuti mombo kapena tsamba wamkulu amanenepa mamilimita ochepa chabe pa chaka, pomwe ntchito zambiri za opereka thandizo zimakhala za zaka zitatu. Chaka choyamba chimathera kusaina mapangano ndi kugula katundu, chachitatu kulemba malipoti. Pa nthawi yotsalayo mtengo umakula pang'ono kwambiri moti simungasiyanitse kukula kwenikweni ndi kulakwitsa kwa dzanja logwira tepi. Ndiye aliyense amafuna kutsegula mapuloti atsopano, chifukwa chatsopano ndi chomwe chimajambulitsa, koma woti alipire ulendo wachiwiri wokayeza akale sapezeka. Dziko lino ladzaza ndi mapuloti oyezedwa kamodzi.

Chikhalirecho zambiri zomwe timadziwa za moto m'miombo zinachokera kwa anthu amene anapirira. Ku Ndola, a nthambi ya nkhalango anadula mapuloti mu 1933: ena osawotchedwa konse, ena owotchedwa msanga udzu usanaumitsitse, ena owotchedwa mochedwa dzuwa litafika pachimake. Chaka ndi chaka ankachita chimodzimodzi. Wofufuza Colin Trapnell anasindikiza zotsatira zake mu 1959, patapita zaka 26. Moto wochedwa unawononga mitengo ikuluikulu n'kusiya tchire la apo ndi apo, pomwe moto wa msanga unasiya nkhalango ili chilili, mosasiyana kwenikweni ndi yosawotchedwa. Anapezanso kuti ngakhale m'mapuloti opsa kwambiri, mizu ndi zitsa zinali zamoyo pansi, zikuphukirabe. Malangizo owotcha msanga omwe alangizi amapereka lero gwero lake ndi limenelo. Pulofesa Emmanuel Chidumayo wa ku University of Zambia anatsata njira yomweyo, kubwerera ku mitengo yomweyo kwa zaka zambiri, ndipo ku Copperbelt University ku Kitwe, Pulofesa Stephen Syampungani ndi anzake asonyeza momwe miombo imabwererera pamalo pomwe panawotchedwa makala kapena panali munda. Nzeru yakuti miombo imadzuka yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu, ndiye kuti nthawi zambiri kuteteza mphukira kumaposa kubzala mbande, sinaoneke pa chithunzi. Wina anagwada pansi n'kuwerenga.

Ku Lukusuzi kuli mwayi womwe ukutidutsa tikuona. Mu 2015 boma linachotsa anthu omwe anakhazikika ndi kulima m'kati mwa paki. Nkhaniyo inali yowawa kwa mabanja ambiri, ndipo sindikuipeputsa. Koma minda yomwe anaisiya ili ndi chinthu chosowa kwambiri pa ntchito yathu: tikudziwa chaka chomwe khasu linalekera. Aliyense woika mapuloti m'minda imeneyo n'kumabwerera angathe kuuza dziko kuti miombo ya kuno imatenga zaka zingati kuti ibwerere, ndi mitengo iti imayamba, moto ukuchedwetsa motani. Onjezani njovu. Kuyambira pa pangano la 2015 la Malawi ndi Zambia, Lukusuzi ndi Kasungu zimawerengedwa ngati dera limodzi losungira zachilengedwe, ndipo mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Zomwe njovuzi zawononga m'minda ya anthu a m'malire tazimva. Zomwe zikuchita ku mitengo ya m'njira zawo zidzadziwika pokhapokha wina ataika manambala pa mitengoyo lero.

Nanga mkulu wa m'mudzi uja, yemwe malipiro ake ndi ochepa kuposa mtengo wa chakudya cha masana cha anthu awiri ku hotela? Pitani ku puloti mu Ogasiti masamba atayoyoka. Wophunzira amaima ndi buku lake, kuyang'ana m'mwamba, mitengo yonse ikufanana. Mkuluyo amangosenda khungwa pang'ono ndi chikwanje, kuyang'ana mtundu wa m'kati, kununkhiza, kukoka luzi kuti aone ngati likusendeka. "Uwu ndi mombo, mwanawe. Uwo ukuulozawo ndi mtondo, suona makungwa ake?" Pa mlombwa amangotema pang'ono, utomoni wofiira ngati magazi n'kutuluka, nkhani yatha. Ukamufunsa kuti, "Agogo, moto unadutsa liti muno?" akuuza mwezi, komwe unachokera, mwinanso chomwe owotchawo ankasaka. Dzina lolakwika pa pepala limakhala lolakwika mpaka muyaya, chifukwa kompyuta siikana zomwe yapatsidwa. Ndipo zaka zisanu zikapita, moto utadetsa tizitsulo, ana atazula tina, batire la GPS litatha, amene amakulondolerani pa ngodya ya puloti ndi yemweyo.

Kwa amene mukulemba mapempho a kafukufuku chaka chino, ndinene mwachangu zingapo, podziwa kuti opereka ndalama amasiyana ndipo zina sizitheka paliponse. M'kati mwa paki simulowa popanda chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, yomwe inalowa m'malo mwa bungwe lakale la ZAWA, ndipo chilolezo sichituluka sabata imodzi. Yambani msanga, ndipo alawansi ya asikauti ikhale m'bajeti, isamachokere m'thumba la wophunzira. Kunja kwa paki yambirani kwa mfumu, kenako anduna ndi mafumu a midzi, musanakhome chikhomo ngakhale chimodzi. Anthu amene anaona anzawo akusamutsidwa akaona alendo ali ndi tepi ndi zikhomo amadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti malo akupita. Fotokozani m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi cha m'pempho lanu. Komwe kuli magulu osamalira nkhalango za m'midzi, omwe lamulo la nkhalango la 2015 linawapatsa mphamvu, gwirani nawo ntchito, mwina iwo ndi amene angasunge mapuloti inu mutapita.

Ulendo muukonze pakati pa Meyi ndi Julaye ngati n'kotheka, misewu itauma, masamba akadalipo, moto usanayambe, ngakhale kuti kalendala ya mayeso a yunivesite siimva zimenezo. Ngati ndalama zikubwera m'madola, siyani mpata wa kusinthasintha kwa kwacha, poti mafuta sadikira. Gawo lomwe yunivesite imadula pa thandizo lililonse, lija amati overhead, musalione ngati kuba. Funsani kokha kuti lina lipite kukonza galimoto ndi kusamalira nyumba yosungira zitsanzo za masamba. Ndalama za ulendo wachiwiri wokayeza muzipemphe tsopano, ngakhale ulendowo udzachitike ntchito itatsekedwa. Ena amalola kuti zisungidwe ku yunivesite, ena amakana, koma funsani.

Zikhomo za m'ngodya muzikwirire pansi, chifukwa chitsulo choonekera chimapeza ntchito ina kumudzi. Mapepala a kutchire alembedwe ndi pensulo, inki imasungunuka ndi thukuta ndi mvula. Wophunzira asanalandire ndalama yake yomaliza asiye mapepalawo ku dipatimenti, pamodzi ndi manambala a GPS ndi kafotokozedwe ka njira yokafikira pa puloti iliyonse. Kope lina lipite ku ofesi ya nkhalango ya boma lomwe puloti ili, lina kwa a paki, ndipo ngati mgwirizano wanu ukulola, lina ku SEOSAW, gulu lomwe limasonkhanitsa miyeso ya mapuloti a nkhalango za kuno kum'mwera kwa Africa.