Njira yokhotakhota yopita ku Europa

Kuno ku Nachisaka, Jupiter timamuona ngati nyenyezi chabe, koma ali ndi miyezi yambiri. Ndikufotokozereni mmene chombo chimafikira umodzi mwa miyeziyi, Europa.

Chombo cha bungwe la NASA, Europa Clipper, chinanyamuka pa 14 Okutobala 2024, ndipo chidzafika mu 2030. Njira yake ndi yodzera pafupi ndi Mars mu Malichi 2025 ndi dziko lathu mu Disembala 2026, kuti mphamvu yokoka ya mapulanetiwa ichikhotetse ndi kusintha liwiro lake, popanda kuwononga mafuta ambiri.

Chikadzafika chizidzazungulira Jupiter, osati Europa, poopa cheza chowononga zipangizo. Chidzayandikira mweziwu ka 49, pena makilomita 25 okha, n'kuchokapo msanga. Kukoka kwa miyeziyi kumasintha njira ulendo uliwonse, choncho akatswiri amawerengeratu njirayi chombo chisananyamuke.