Rada ya pa setilaiti ndi kugumuka kwa nthaka m'migodi

InSAR ndi njira yoyezera kusuntha kwa nthaka pogwiritsa ntchito rada yokhala pa setilaiti. Imathandiza kwambiri m'migodi yokumbidwa ngati dzenje lalikulu losafolera, momwe makoma a dzenjelo ndi milu ya dothi lotayidwa zimatha kugumuka n'kukwirira anthu. Khoma la mgodi siligwa kawirikawiri lisanachenjeze: limayamba layenda pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pamwezi, kuyenda komwe diso la munthu silingaone.

Mmene imagwirira ntchito

Setilaiti imatumiza mafunde a rada pansi n'kulandira omwe abwerera. Ikadzadutsanso pamalo omwewo imachita chimodzimodzi, ndipo kompyuta imafananitsa zithunzi ziwirizo. Ngati nthaka yasendera kufupi kapena kutali ndi setilaiti, mafunde amabwerera atasiyana pang'ono ndi a ulendo woyamba. Masetilaiti a Sentinel-1, a bungwe la European Space Agency, amauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 700, ndipo funde lawo limodzi ndi lotalika masentimita 5.6. Zithunzi zambiri zikasanjidwa pamodzi, kusuntha kwa mamilimita ochepa pachaka kumaoneka. Rada imaona usiku ngakhalenso kukachita mitambo. Setilaiti yoyamba ya gululi inaponyedwa m'mlengalenga mu 2014, ndipo zithunzi zake n'zaulere kwa aliyense.

Akatswiri sadera nkhawa kwenikweni kuti malo akuyenda, chifukwa makoma ambiri a migodi amayenda kwa zaka osagwa. Chowopsa ndi liwiro likayamba kukwera. Mu 1985 katswiri wa ku Japan, Fukuzono, anasonyeza kuti kukwera kwa liwiroli kukalembedwa pa girafu munthu angathe kuyerekeza nthawi yomwe malo adzagwe, ndipo njira yakeyo ikugwirabe ntchito m'migodi.

Zomwe zinachitika m'migodi iwiri

Pa 13 February 2024, mulu waukulu wa miyala yosinjidwa unagumuka pa mgodi wa golide wa Çöpler ku Turkey ndipo antchito 9 anafa. Ofufuza atabwerera ku zithunzi zakale za Sentinel-1 anapeza kuti muluwo unali ukuyenda kwa zaka zinayi, malo ena mpaka mamilimita 60 pachaka. Chenjezo linalipo, koma ofufuzawo analiwerenga maliro atachitika kale.

Ku Bingham Canyon, mgodi wa kopa wa ku Utah m'dziko la America, zinayenda mosiyana. Pa 10 April 2013 khoma la dzenje linagwa ndi miyala yokwana makyubiki mita pafupifupi 65 miliyoni, koma palibe anafa. Kumeneko ankadalira rada yoikidwa pansi m'mphepete mwa dzenje, yomwe imayeza pakangopita mphindi zochepa, ndipo antchito anawachotsa khoma lisanagwe.

Pomwe imalephera

Setilaiti imodzi ya Sentinel-1 imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 12. Khoma likayamba kuthamanga Lolemba n'kugwa Lachinayi, setilaiti siiona kanthu. Zomera nazo zimasokoneza: udzu ndi chimanga zikakula pakati pa maulendo awiri, zithunzi sizifanananso ndipo muyeso umatayika. Ku Malawi vutoli limakula m'dzinja, nyengo yomwenso nthaka imagumuka kwambiri. N'chifukwa chake dzenje la mgodi, pokhala mwala wosamera kanthu, limayezeka bwino kuposa munda. Setilaiti ya NISAR, ya America ndi India, yomwe inaponyedwa mu July 2025, ili ndi mafunde aatali masentimita 24 omwe amalowerera bwinoko m'masamba.

Chinanso n'chakuti masetilaitiwa amauluka molunjika kumpoto kapena kumwera n'kumayang'ana cham'mbali. Choncho amaona bwino nthaka yotitimira kapena yopita kum'mawa ndi kumadzulo, koma yopita kumpoto kapena kumwera saigwira kwenikweni.

Ku Ntcheu ndi kwa Champiti

Boma la Ntcheu, momwe muli dera la Inkosi Champiti, lili ndi mapiri a Kirk Range kumadzulo ndi zitunda zotsikira ku chigwa cha Bwanje kum'mawa. Zitunda zoyang'ana kum'mawa zotere n'zomwe rada ya setilaiti imayeza bwino. M'bomali muli mgodi wa miyala ya ruby ndi sapphire pa phiri la Chimwadzulu, ndipo ku Balaka, boma loyandikana nalo, kampani ya Lindian Resources ikukonza mgodi wa dzenje pa phiri la Kangankunde. Pa malo ngati amenewa, zithunzi zosungidwa kuyambira 2014 zingasonyeze mmene phiri linalili kukumba kusanakule, umboni wofunika pakabuka mkangano pakati pa kampani ndi midzi yozungulira.

Koma njirayi si mankhwala a napolo. Matope omwe anatsika phiri la Soche n'kuwononga Chilobwe mu March 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, anayamba chifukwa cha mvula ya masiku ochepa chabe, mofulumira kuposa ulendo wa setilaiti. Kwa mudzi wa m'munsi mwa phiri kwa Champiti, setilaiti ingauze a Geological Survey ku Zomba ndi a DoDMA chitunda chomwe chikuyenda n'choyenera kuchiyendera. Tsiku losamuka limadziwikabe ndi kuchuluka kwa mvula komanso zomwe anthu akuona okha: ming'alu yokula kumtunda kwa munda, mitengo yopendekeka, zitseko zokana kutsekeka, ndi akasupe otumphuka pomwe kale panali pouma.