Mendulo ilipo, koma papepala palibe

Msilikali wa ku America akamatuluka usilikali amapatsidwa chikalata chotchedwa DD 214. Pamenepo pamalembedwa zaka zomwe watumikira ndi mamendulo ake, ndipo ana akadzafuna mbiri ya bambo awo amayambira pomwepa.

Vuto n'lakuti mamendulo ena amabwera munthu atapuma kale. Korea Defense Service Medal idakhazikitsidwa mu 2002, koma ndi ya amene adatumikira ku South Korea kuyambira pa 28 July 1954. Gogo yemwe adatuluka mu 1958 akuyenera kukhala nayo, chonsecho chikalata chake chili duu.

Njira imodzi yokonzera ndi kudzaza fomu ya DD 149, n'kuitumiza ndi umboni kukomiti yokonza zolembedwa ya nthambi yomwe adatumikira. Akavomera, amamupatsa DD 215, pepala lowonjezera zomwe zidasowazo, kapena DD 214 yatsopano.

Pogona nkhani ndi paumbonipo. Pa 12 July 1973 moto udabuka m'nyumba yosungira mafayilo a asilikali ku St. Louis, n'kupsereza mafayilo pafupifupi 16 mpaka 18 miliyoni. Ambiri anali a asilikali apamtunda omwe adatuluka pakati pa 1912 ndi 1960. Wotereyu amadalira timapepala takale tamalipiro kapena kalata yomwe idamutumiza ku Korea, ngati chiswe sichidadye m'sutikesi.