Kuphunzitsa Magawo a Mitsempha ya Uthenga

Vuto loyamba pa phunziro ili lili m'chinenero chathu chomwe. Dzina lakuti mtsempha timatchulira njira za magazi, ndiponso timatchulira timaulusi toyera tonyamula uthenga m'thupi. Mwana wa ku Ligowe amene waona mitsempha itatupa pamkono pa atate ake polima adzaganiza za magazi basi. Tsono musanajambule kanthu pabolodi, siyanitsani ziŵirizi, ndipo muzinena nthaŵi zonse kuti "mitsempha ya uthenga".

Magawo akulu ndi aŵiri. Likulu ndilo ubongo pamodzi ndi chingwe chimene chimatsika m'kati mwa mafupa a msana. Nthambi ndiyo mitsempha yotuluka m'likulumo iŵiriiŵiri, kumanja ndi kumanzere: magulu 12 kuchokera ku ubongo, 31 kuchokera ku chingwe cha msana. Ina imatengera uthenga ku likulu, ina imabwera ndi lamulo ku minofu, ndipo ina imayendetsa mtima, matumbo ndi thukuta ife osailamula.

Ana angaloŵeze zonsezi pamtima koma osamva kanthu. Ine ndimaona kuti gawo lililonse limadziŵika bwino tikaonetsa chimene chimatayika ilo likavulala.

Taganizani za poliyo. Kachirombo kake kamaononga maselo a m'chingwe cha msana amene amatumiza lamulo ku minofu. Mwendo umalobodoka ndi kuwonda, komabe mukautsina mwiniwake amamva kuŵaŵa. Khate limayamba kwina: limagwira mitsempha ya m'nthambi, kotero kuti munthu angathe kunyamula mphika wotentha osamva kuti akupsa. Funsani ana kuti pa anthu aŵiriŵa njira yatsekeka kuti, yopita kapena yobwerera. Akayankha okha, kusiyanako sadzakuiŵala.

Mbiri ya dziko la America ingakuthandizeni pamenepa, pakuti mtsogoleri wake mmodzi, Dwight Eisenhower, anakomana ndi nkhaniyi kaŵiri. Pa 12 April 1955 kunalengezedwa kuti katemera wa poliyo wa Jonas Salk ndi wothandiza, ndipo makolo anakondwa kwambiri. Pasanapite mwezi kunadziŵika kuti katemera wina wopangidwa ndi kampani ya Cutter anali ndi tizirombo tamoyo. Ana ena anapuwala, ena anamwalira. Boma la Eisenhower linaimitsa ntchito yotemera kwa kanthaŵi m'mwezi wa May, linakhwimitsa malamulo oyesera katemera, ndipo ntchito inapitirira. Kenaka mu November 1957 Eisenhower mwini anadwala sitiroko yaing'ono ali mu ofesi yake. Miyendo ndi manja zinali bwino, koma mau amene ankafuna kunena sankatuluka molongosoka. Lilime linalibe chilema. Chovulala chinali chigawo cha ubongo chosamala za kulankhula. Apa ana aona kuti ngakhale likulu lili ndi zipinda zake.

Musaŵasiye akuganiza kuti poliyo ndi nkhani ya kutali kapena yakale. Mu February 2022 boma la Malaŵi linalengeza kuti nthendayi yapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, patapita zaka 30 chiipezereni komaliza, ndipo ana ambirimbiri analandira katemera wa madontho m'dziko lonse.

Mitsempha yodzilamula yokha safuna zipangizo zogula. Ana aŵerenge kugunda kwa mtima pamkono, athamange kuzungulira bwalo, aŵerengenso. Ndani anauza mtima kuti ufulumire? Ndani adzaubweza? Ndiyo mitsempha ya mitundu iŵiri, wina wofulumiza pa nthaŵi ya ntchito kapena mantha, wina wobweza pa nthaŵi yopuma ndi yogaya chakudya.

Chenjezo limodzi, inu aphunzitsi a maŵa: ngati m'kalasi mwanu muli mwana wolumala, kapena amene kwao kuli wodwala khate, musamuimike kutsogolo kuti akhale chitsanzo. Jambulani munthu wopanda dzina pabolodi, ndipo ana azibwera ndi choko kudzaika mtanda pamene uthenga wadukira.