Kodi Sitampa Yakale Ndi Yotaya?

M'nyumba zambiri kunyanja kuno muli sutikesi imene agogo amasungamo mapepala ofunika. Tikaitsegula timapezamo makalata ochokera ku migodi ya ku Johannesburg, ziphaso za sukulu, ndipo pansi penipeni masitampa angapo amene sanamatidwepo pa envulopu. Kodi amenewa angatumizebe kalata, pamene mtengo wa ku positi unakwera kale? Yankho lagona pa nambala yolembedwa pa sitampayo.

Sitampa ndi umboni woti talipiriratu ulendo wa kalata. Yoyamba, yotchedwa Penny Black, inatuluka ku Britain mu 1840. Isanabwere, kawirikawiri wolipira anali wolandira kalata. Kuyambira pamenepo sitampa imanyamula mtengo wake pamphumi, ndipo mtengowo sukula ngati mwana. Ya 20 tambala idzakhala ya 20 tambala mpaka kalekale.

Apa m'pamene pali vuto lathu. Kwacha inayamba kugwa kwambiri mu 1994, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama ikagwa, mtengo wotumizira kalata umakwera, sitampa ili pomwepo.

Koma kukwera kwa mtengo sikupha sitampa. Kawirikawiri sitampa yosadindidwa imagwirabe ntchito, pokhapokha a positi atalengeza kuti aichotsa. Chofunika ndi kuwonkhetsa. Tiyerekeze kuti kalata ikufuna K800 ndipo ife tili ndi sitampa ya K500: timagula ina ya K300 n'kuzimata moyandikana. Nawonso a positi amachita zofanana ndi zimenezi, pakuti nthawi zina amadinda mtengo watsopano pamwamba pa masitampa otsala m'malo mowataya.

Tikaponya kalata ndi sitampa yoperewera, imatha kuchedwa, kubwezedwa, kapena wolandira n'kulipitsidwa. Ngati munali kalata ya mwana yopempha malo a sukulu, kapena mapepala a penshoni ya bambo, tsiku lotsekera lidutsa ife tikudikira yankho. Choncho tiyeni titenge envulopu ndi masitampa athu akalewo kupita nawo ku positi ofesi, kalaliki ayeze kulemera kwake ndi kutiuza ndalama yotsala.

Maiko ena anapeza njira yopewera masamu amenewa. Mu 1989 Britain inayamba kutulutsa masitampa opanda nambala ya ndalama, ongolembedwa 1st kapena 2nd, amene amatumiza kalata ngakhale mtengo ukwere. America inatsatira mu 2007 ndi sitampa ya Forever. Komabe abale athu okhala ku Britain akudziwa kuti sitampa ikhoza kuthetsedwa: masitampa wamba a nkhope ya Mfumukazi opanda barcode anasiya kugwira ntchito kumapeto kwa July 2023, ndipo anthu anauzidwa kuti akawasinthitse.

Pali mitundu iwiri imene sitiyenera kuyesa n'komwe. Woyamba ndi sitampa yodindidwa kale. Kuimatula ndi kupukuta chidindo kuti igwirenso ntchito ndi chinyengo, ngakhale ndalama yake ichepe bwanji. Wachiwiri ndi masitampa a mapeni ndi mashereni, a dzina la Nyasaland kapena a Malawi asanafike 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Amenewa ulendo wawo unatha.

Koma tisawaponye pamoto. Alipo anthu amene amasonkhanitsa masitampa akale, ngakhale kuti ambiri mwa masitampawa sagulidwa ndalama zochuluka chifukwa anasindikizidwa ochuluka. Osonkhanitsa amakonda sitampa yosang'ambika, ya mano athunthu m'mbali, makamaka ikadali pa envulopu yake. Mdani wake kunyanja kuno ndi chinyezi ndi chiswe, choncho tiisunge pouma, tisaimate ndi guluu m'buku.

Ndipo envulopu ija ya ku migodi, ya chidindo chosonyeza tsiku ndi malo, tiionetse kwa adzukulu. Adziwe kumene agogo awo anakhetsa thukuta kuti nyumba ino ifoleredwe ndi malata.