Bango, dengu ndi girafu ya masamu

Anzanga ambiri mwakhala mukufunsa ngati m'chipinda cha makompyuta timangokasewera magemu basi. Gemu imene mumaiona mukasuzumira pawindo ija tinaipanga tokha, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni momwe imayendera, makamaka inu amene mukuti zimenezi n'kutaya nthawi pamene MSCE ili pakhomo.

Pulogalamu imene aphunzitsi akutiphunzitsa ndi Scratch. Inapangidwa ku MIT Media Lab, ku America, ndipo inatuluka mu 2007. Ndi yaulere, komanso ikangoikidwa pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, ndiye za bandulo musadandaule. Mu Scratch sulemba malamulo ataliatali ngati a m'mafilimu aja. Umakoka timabuloko n'kumatisanja ngati njerwa: tabuluu n'toyendetsa chinthu, tachikasu n'toyambitsa, taolenji n'tobwereza kapena kusankha chochita.

Ine ndi anzanga awiri tinapanga gemu yowakha mango. Bango limagwa kuchokera pamwamba, iwe n'kumayendetsa dengu pansi kuti uliwakhe. Zophweka eti? Vuto ndi lakuti kompyuta sidziwa kuti kugwa n'chiyani. Uyenera kuiuza ndi manambala.

Apa m'pamene girafu ya masamu ija imatulukira. Bwalo la Scratch, limene amalitcha stage, ndi x ndi y yemweyo amene timajambula m'makope. Pakati penipeni, onse awiri ndi 0. Kuchokera kumanzere kupita kumanja, x amayambira pa -240 kufika 240. Kuchokera pansi kupita pamwamba, y amayambira pa -180 kufika 180. Kuti bango ligwe, timaliika pa y wa 180 n'kulipatsa lamulo lakuti "change y by -5", kutanthauza kuti chotsa 5 pa y. Palokha lamuloli limangosuntha bango kamodzi, pang'ono chabe. Koma ukaliika m'kati mwa buloko ya "forever", kompyuta imalibwereza osaleka, pafupifupi maulendo 30 pa sekondi, ndipo maso amaona ngati bango likugwadi.

Tawerengani nokha. Kuchokera pa 180 kufika pa -180 ndi 360. Mukagawa 360 ndi 5 mupeza maulendo 72, amene amatenga masekondi awiri ndi kachidutswa. Mukasintha -5 kukhala -10, bango limafika pansi mu sekondi imodzi ndi pang'ono, ndipo wosewera amayamba kutuluka thukuta. Kufewa kapena kuvuta kwa gemu yonse kwagona pa kanambala kamodzi kameneko. Kwa ine, -7 ndiye wabwino, ngakhale mnzanga wina amakanitsitsa kuti ameneyo ndi wa ana a ku pulayimale.

Kenako pamabwera buloko ya "if": ngati bango lakhudza dengu, wonjezera chigoli chimodzi, ulibwezere pamwamba. Zigolizo zimasungidwa mu variable, mawu omwe aja a mu algebra. Kuti wosewera asaloweze pomwe bango ligwere, buloko ya "pick random" imasankha x watsopano nthawi iliyonse.

Kompyuta siganizira munthu ngati mphunzitsi wochonga mayeso amene angakupatseko malikisi a njira. Ukaiwala minus, bango limakwera m'mwamba m'malo mogwa, ndipo palibe angakuuze chifukwa chake mpaka utawerenganso buloko iliyonse.

Makompyuta ndi ochepa, timakhala atatu pa imodzi, ndipo magetsi akathima usanasunge ntchito, yapita. N'chifukwa chake timayamba kujambula gemu papepala, manambala ndi malamulo onse, kuti tikafika pa kompyuta tingosanja mabuloko n'kusunga pa fulashi. Amene amapanga magemu akuluakulu amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Unity ndi Godot, momwe malamulo amachita kulembedwa, koma kubwereza, "if" ndi variable n'zomwezi.

Panopa tikulimbana ndi kuikamo bango lowola, loti likagwera m'dengu lizichotsa chigoli. Tikukanganabe ngati lizigwa mofulumira kuposa labwino kapena ayi. Amene ali ndi nzeru yake abwere Lachitatu tikaweruka, ndipo asaiwale kope la masamu.